Mkono wa Labala

Ndimalowa kusanache,
mphepo ya mu Humber ikadali m'makutu,
makiyi khumi ndi awiri akulira m'thumba la jekete.
Ntchito yanga pa yunivesite ino ya ku Hull
ndi kudzutsa odwala osadwala:
zidole zisanu ndi chimodzi, chilichonse pa bedi lake.
Ndikaziyatsa zifuwa zimayamba kukwera ndi kutsika,
ndipo chimodzi chimabuula
ukadina kabatani kuseri kwa khutu.
Ophunzira adachitcha Bambo Gilbert.

Ndiye pali mkono.
Mkono wopanda mwini, wa labala, wothera m'phewa,
mitsempha yake ndi timachubu,
magazi ake ndimasakaniza ndine m'jagi,
madzi a pampopi ndi utoto wofiira.
Zaka zisanu ndi zitatu akuubaya jakisoni
ndipo sudanenepo kuti mayo.
Pano wafewa ngati papaya wa dzana.
Ukudontha. Ndaumata katatu.

Kalata idafika Lachiwiri.
Dokotala Ferriby adaiwerenga chiimirire, chikhoti osavula:
boma lachepetsa thumba la maphunziro a zaumoyo,
chaka chamawa tidzalandira anamwino makumi asanu ndi atatu,
osati zana ndi makumi awiri.
Nanga mkono watsopano? Tidikire bajeti ina.
Kenaka, ndi ulemu wa kuno
uja wopepesa asanakuponde,
adati mipando yotsalayo nditsitsire kunsi.

Mipando makumi anayi.
Ndidanyamula iwiriiwiri, chikepe chitafa,
ndipo pa ulendo wachisanu ndi chiwiri
ndidayamba kuiona nkhope.
Uwu ukadakhala wa uja woyankha belu usiku pakati.
Uwu wa mzamba.
Uwu, wothimbirira khofi, wa uja wodziwa kunena
kuti musaope, agogo, ndili pompano.

Mayi anga adatsirizikira pa benchi ku Ntcheu,
buku la kuchipatala lili m'manja,
namwino ali mmodzi, mzere utafika pa geti.
Ndinkati zimenezo ndi za kwathu, za ife osowa.
Sindinkadziwa kuti mzere umayambira kutali chonchi,
pa nsonga ya cholembera
cha munthu amene lero mutu sukumupweteka,
mu ofesi yofunda ku London.

Ndipo manja akadzachepa m'mawodi awo
ndikudziwa kumene adzalowere.
Adzakwera ndege kukakolola m'munda wosalima iwo,
ana ophunzitsidwa ndi msonkho
wa amayi ogulitsa kabichi pa Lizulu.
Mlongo wanga Nachisale fomu walandira kale.
Akundifunsa ngati kuno kumazizira kwambiri.
Sindinamuyankhe.

Lachinayi madzulo, ndikufuna kutseka,
ndidapeza Oonagh akadali pa tebulo.
Bambo ake amayendetsa basi ya ku Bransholme,
iye usiku amasambitsa nkhalamba kuti alipire lendi,
mayeso ndi mawa.
Adabaya, madzi ofiira adatulukira pena.
Adabayanso, labala idangophwa.
Sindikuumva mtsempha, adatero,
mwina ine si wa ntchito imeneyi.

Ndidayang'ana kukhomo. Kunalibe munthu.
Ndidapinda mkono wa malaya mpaka pa chigongono.
Singano ikani uko, ndidatero, lamulo silitilola.
Ingofunani ndi zala.

Zala zake zinali zozizira ngati makiyi anga.
Zidayenda, zidasochera, zidabwerera,
zidaima.
Adatsinzina.
Pansi pa khungu langa
china chake chidamukankha pang'ono,
chofewa, chodzaza, chamoyo,
chochokera ku Ntcheu.

Apa, adatero.
Inde, ndidati, pomwepo.

Bambo Gilbert ndidali nditawazimitsa kale,
chifuwa chili zii.
Mkono wa labala unkadonthera m'beseni,
dontho, kenaka lina.
Kunsi kwa mapazi athu, mumdima,
mipando makumi anayi
idagona miyendo m'mwamba.