Masiku Anayi

M'sitolo ya a Pekkala, kumpoto kwa Minnesota,
pakati pa mabokosi a zipolopolo ndi nyambo za nsomba,
Runa wanga waika chitupa pa kauntala.

Mayi Pekkala atsitsa magalasi, aloza ndi chala:
"Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zinakwana pa 3.
Lero ndi pa 7.
Pepa mwanawe, mtengo wa ana wakudutsa."

Masiku anayi!
Mkaka ndinagula tsikulo sunasase n'komwe,
koma laisensi yosakira nyama
yamuyesa kale munthu wamkulu.

Ndafuna kukangana.
Kunena kuti uyu amaopabe mdima wa m'galaja,
kuti jekete lake la mtundu wa lalanje
manja ake tidapinda kawiri,
kuti chaka chatha gwape ataima patsogolo pake,
mpweya uli tolotolo m'mphuno,
adatsitsa mfuti n'kunamizira chisanu kuti chaumitsa chala.
Kompyutayi ikuzidziwa zimenezi?

Ndisanatsegule pakamwa
Runa wapisa m'thumba,
watulutsa ndalama zokwinyika, zonunkha mafuta okazingira,
za kuja amatsuka mbale Loweruka.
Wawerenga yekha. Zaperewera pang'ono.
Ndatambasula dzanja.
Wandicheukira kamodzi kokha,
n'kubwezera pa shelefu magolovesi amene anasankha.

Panja chipale chayamba kuwaza.
"Makiyi," watero.
Ndampatsa.
Ndakhala kumanja, kumene sindinazolowere,
mawondo atapanikizika:
mpandowu ukadali pomwe adaukokera
chaka chija miyendo yake isanafike pansi.