Dontho la Magazi ku Mapale

Nkhungu yatsika kuchokera ku Kaning'ina,
yameza Katoto, yameza ndi mabelu a akabaza.
Ine ndili m'labu muno, majuzi awiri,
diso limodzi pa maikulosikopu.

Dontho ili ndi la Lusubilo wa ku Zolozolo,
zaka zinayi, thupi ngati mbaula.
Ndalipaka pagalasi, ndaliviika mu utoto,
ndipo si awa, alendo osaodira:
timphete tofiirira, tili phee m'magazi a mwana
ngati talipira lendi.

Ndimatidziwa. Ndinkadziwanso makolo ake.
Tili ana tinkamwa kolokwini,
wowawa uja, woyabwitsa mpaka tambala woyamba,
mayi akutikanda kumsana ndi chitsononkho.
Ankachiza.
Kenako anayamba kunama.
Mlongo wanga Tafwachi anamwa mapilitsi onse,
ndinawerenga nawo ine,
tinamuika Lachinayi mvula ikuwaza.

Ena anati ufiti.
Ena anati mankhwala achinyengo olowera kumalire.
Ayi. Palibe anakalangiza kachilomboko.
Mwa zikwi ndi zikwi zimene zinkafa
kamodzi kanabadwa kosiyanako pang'ono,
ngati chilembo chimodzi chophonyeka m'kalata yaitali,
ndipo sikanafe.
Kanabereka.
Udzudzu unasenza ana ake,
kuwoloka nawo Lunyangwa, kugona nawo ku Chibavi.
Basi, nkhani yonse ndi yomweyo.
Fansida anabwera ndi mbiri, naye anafookera m'manja mwathu.
Ndipo titamuiwala kolokwini zaka zingapo
tankhutukumve tija tinayamba kuchepa,
pakuti chishango chimalemera kukakhala kulibe nkhondo.

Amalume a Mwenifumbo, mkulu wa mpingo,
sachedwa kundigwira pakamwa:
Ndiye iwe ndiwe mdzukulu wa nyani?
Ayi malume, msuweni chabe, wakutali,
tinasiyana pamphambano dzina lisanakhaleko.

Dzulo pa Vigwagwa, utsi wa chiwaya uli m'maso,
ndinawayalira phiko la nkhuku pa nyuzi yamafuta.
Onani: fupa limodzi kumtunda,
awiri kumunsi, kenako tizidutswa.
Ndinagwira mkono wawo, kuupinda malaya:
limodzi, awiri, tizidutswa, zala.
Mleme wa m'denga la tchalitchi chanu nawonso chimodzimodzi,
umauluka ndi zala zomwe inu mumatsegulira Genesesi.
Ndiye kuti mmisiri ndi mmodzi, anatero, akutsina mchere.
Kapena kholo ndi limodzi, ndinatero ine.
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
natola phikolo, nalitafuna khukhuru khukhuru,
umboni wanga n'kuthera m'kamwa mwawo.

Komatu kwawo komweko ku Karonga
nthaka inalavula nsagwada,
mano otakata, osati a nyani, osatinso athu,
a wina amene anatafuna mizu yake
ife tisanakhale ife.
Nthaka sitsutsana ndi munthu.
Imangoyala mibadwo, wina pamwamba pa mnzake,
ngati mabulangete a mwezi wa Juni,
wakale pansi, wadzulo pamwamba,
ndipo sunapezeke wodumpha mzere.

Sindikudziwa chimene amalume amauza Mulungu za ine.
Ndikudziwa chimene ndikuona m'bwalo lowalali,
laling'ono kuposa njere ya mawere:
moyo ukusintha zovala ndili chiyang'anire.

Ndalemba pakapepala: mapulasi atatu.
Apite akalandire LA, ayambe usiku womwe uno.
Mayi a Lusubilo ali pabenchi panja,
chitenje kumutu, mwana pachifuwa,
sakufuna kumva za zaka mamiliyoni,
akufuna kuche mwana akupempha phala.

Ndazimitsa nyale ya makina.
Pa neti ya mlonda, yonyikidwa m'mankhwala chaka chino chomwe,
patera udzudzu umodzi.
Ndadikira kuti ugwe.
Ndawerenga mpaka makumi asanu.
Ukungopukuta miyendo.