Nyumba ya Maidei

Magetsi athima kuyambira mbandakucha,
makina anga angoti duu pakona.
Ndaziona wabwera ndi chidole chake cha mkono umodzi,
chija tinatola pa kaunjika ku Mupedzanhamo
wogulitsa atati, tengani, ndani angagule chimenechi.
Anachitcha Maidei. Dzina la Chishona.
Sindinatsutse, chidolecho n'chobadwira konkuno.

"Ababa, Maidei akumva kuzizira."
Zoona, chisanu cha ku Mufakose sichiona nkhope.

Ndakhuthula thumba la zidutswa pamphasa:
mpendero wa yunifolomu ya mwana wa eni,
kansalu koyera kotsala pa bulauzi ya mayi wa mvano,
mwendo wa buluku la kondakitala wa kombi
amene mpaka lero akuti mawa, mawa.
Zaka makumi awiri ndikuyeza anthu ndi tepi,
lero chiuno ndachiyeza ndi chala chamkombaphala
ndipo chala chatsalako.

Ulusi ukukana kulowa m'singano.
Ndaunyowetsa ndi malovu katatu,
mwana walanda, walowetsa kamodzi kokha,
n'kundiyang'ana momwe ndimayang'anira
anyamata ophunzira ntchito.

Mbali yopanda mkono ndimati ndingotseka.
Wakana.
"Sokani manja onse awiri. Mwina udzapezeka."
Ndasoka onse awiri.

Batani la malaya anga lakula ngati mbale pachifuwa pake,
ndiye taikapo mkanda wogwa pa ndolo ya amayi ake
amene ali ku Joni, chaka chachitatu chino,
mawu amabwera pafoni usiku,
ndalama mwezi ukakomera.

Atavala, akuti wovala bwino chonchi sagona panja.
Tapempha katoni ya mafuta ophikira kwa Sekuru Dzapasi.
Ndaboola chitseko ndi lezala, mawindo awiri opendekeka,
galasi lake pulasitiki ya buledi.
Bedi ndi mabokosi awiri a machesi,
matiresi siponji ya paphewa la jekete,
beseni chitsekerero cha botolo.
Iye wajambula mpopi pakhoma ndi bolopeni
ndi madontho atatu pansi pake.
Wathu weniweni unaiwala ntchito kalekale,
timakafola kumjigo nkhuku zisanatsike.

Kenako akufuna chipinda chachiwiri.
"Cha ndani?"
"Cha eni nyumba.
Nanga Maidei azipereka lendi kwa yani?"

Lezala laima m'manja mwanga.

Bambo anga anachoka ku Ntcheu ndi kasutikesi ka malata,
anaphikira azungu ku Avondale mpaka imvi,
anatsikira kuli chete m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya wina.
Ine chipinda chimodzi, chitenje pakati,
kwa Mai Gwatidzo amene amawerenga ndowa zathu
ndi alendo athu omwe.

"Iyi salipira," ndatero. "Ndi yake."
"Yakeyake?"
"Yakeyake."

Maso ake akuti akuluakulu mumanama.
Ndiye ndang'amba tsamba m'buku la ngongole,
ndalemba kuti nyumba ino ndi ya Maidei
ndipo wina asagogode pa tsiku loyamba la mwezi.
Ndasaina, ndadinda ndi chala choviika m'polishi wa nsapato.
Wapinda kapepalako kanayi, wakabisa pansi pa matiresi,
pomwe ine ndimabisa chitupa changa.
Sindimadziwa kuti amandiona.

Magetsi abwera anthu atagona,
babu lathwanima, agalu a pa Mukonde ayamba kuuwa.
Apa m'pofunika kuthamangitsa ntchito za eni
asanawatengenso m'mawa.
Koma ndagwada kaye pa katoni paja,
ndadula kachidutswa kena, ndamata ndi phala lotsala,
khoma lagawa nyumba pawiri.
Uku Maidei wagona chagada, maso ali tong'o,
dzanja limodzi la diresi lili lende pambali pa bedi.
Uko mulibe kanthu.
Ndaikamo bokosi limodzi la machesi, ndayala kansalu,
ndipo chitseko chake sindinatseke.