Tsanzika Kaye

Bweza dzanja lako, Fanizo.
Ndamva, minibasi ya ku Lilongwe ikuliza hutala,
kondakitala wakukodola kawiri,
koma taona kagetsi ako:
kakuphethirabe.
Kakamaphethira choncho, ndiye kuti katundu akadali panjira.

Iwe wakulira konkuno ku Kamwendo,
mtedza umaudziwa.
Ukauzula mwaphuma nthaka itauma gwa,
umanyamula masamba okhaokha,
makoko onse atsala pansi
kudikira chiswe.
Hadidisiki nayonso sifuna dzanja la phuma.

Ukuseka? Seka.
Inenso ndinkaseka chaka chija mvula inachedwa,
pomwe ndinajambula chinkhoswe cha Zelifa, mlongo wanga,
kuseri kwa chigayo cha a Kachiwanda.
Achimwene a Lingisoni anaimirira m'jekete yobwereka,
manja a jeketeyo atawameza zala,
nalankhula mphindi zisanu ndi ziwiri.
Analangiza, anaseketsa azinkhoswe mpaka kutsokomola,
kenako, atatchula malemu mayi,
mawu anawakanirira pakhosi.
Ine kamera osagwedeza.

Usiku wake ndinali pampando womwewuno,
kamzere kobiriwira kakukwawa pasikirini
ngati birimankhwe wodwala mwendo.
Foni inalira. Wina ankandidikira pagolosale,
wina amene lero dzina langa analiiwala.
Ndinangosolola chingwe, ulendo.
M'mawa ndinafufuta zonse za m'kamera
kuti ndikajambule mpira ku Kapiri.

Fayilo inalipo.
Dzina lake lilipo, tsiku lake lilipo.
Koma ukaitsegula, mdima bii.

Mu Ogasiti lole ya soya inawapeza achimwene
ali pakabaza wawo pamsewu wa ku Mkanda.
Zelifa akabwera kuno kudzatchajitsa foni
sandifunsa kanthu.
Amangoyang'ana kompyuta iyi nthawi yaitali,
nkundipatsa ndalama ya tchaji, nkumapita.

Ndiye khala pabenchipo.
Choyamba titseke zonse zomwe tatsegula,
vidiyo ya ukwati wakoyi, zithunzi, nyimbo zija unapempha.
Kenako mausi atsikire pakona iyi, pafupi ndi wotchi,
pali kachizindikiro kakang'ono ngati nyerere.
Tikadine.
Apa ndiye kuti tikupempha njira:
zikomo eni nyumba, ife tibwerere.

Waona? Yakana.
Ikuti alipo wina akadali m'kati.
Usakwiye nayo, sinama iyi.
Tifufuze... eya, si uyu,
chithunzi cha apongozi ako chabisala kuseri kwa zinzake,
akadali chiimire ndi mbale ya pelekanipelekani.
Tiwatulutse mwaulemu. Tidinenso.

Tsopano yalola.
Koma ika kaye chala pakabokosika.
Ukumva kunjenjemerako?
Muli kambale kozungulira m'menemo,
kamathamanga kuposa gudumu la njinga yamoto.
Kasiye kapume.
Uko, kakuzirala... kaima.
Kagetsi katsinzina.

Gwira pamutu pa chingwe, osati pamchira.
Kokera kwa iwe pang'onopang'ono.
Basi.
Kulunga m'kansalu aka, usaike m'thumba la kumbuyo,
mabampu a pa Namitete sadziwa kuti unakwatira.

Minibasi yapita, inde, ndaiona.
Ibwera ina, zimachokera ku boda tsiku lonse,
ndipo iyoyo inali yodzaza kale ndi matumba a mbatata.
Ukwati wako wokha ndi womwe subweranso.

Ine fayilo ija ndikadali nayo.
Ndinaipititsa kwa akatswiri atatu,
wina ku boma, awiri ku Lilongwe,
onse anangopukusa mutu.
Masiku ena ndikatseka shopu, magetsi akakhalapo,
ndimaidina kawiri,
nkukhala chete kuyang'ana mdimawo
mphindi zisanu ndi ziwiri.
Ndikatha ndimadina kachizindikiro kaja,
ndimadikira kompyuta indilole,
ndipo pokhapo m'pamene ndimazula.