Chilembo Chimodzi

Pa chitupa changa chaunzika analemba kuti Ndalama.
Ana a m'kalasi mwanga amaseka:
Aphunzitsi a Ndalama, nanga bwanji nsapato imodzimodziyo
chaka chachitatu chino?

Loweruka lina ndinapita ku tchalitchi ku Linga.
A Chikakuda, osunga makiyi,
anatulutsa mabuku atatu m'kabati yonunkha mileme,
nati nditsegule pang'onopang'ono,
mapepala awa amathetheka ngati chigwada chouma.
Chiswe chinali chitadya kale
miyezi isanu ya chaka china,
ana onse obatizidwa m'dzinja limenelo
anathera m'mimba mwake.

Bambo anga ndinawapeza msanga:
Lunesi Ndalama, 1958, inki yabuluu.
Agogo ndinawapeza pa tsamba losweka,
Yotamu Ndalama, wobwera ku Joni,
ndipo m'mphepete wina analemba ndi pensulo
nambala yawo ya Wenela,
yaitali kuposa dzina.

Buku lachitatu silinali la tchalitchi.
Linasokera kuchokera ku boma,
kaundula wa anthu ndi msonkho wa nyumba,
mizere yofiira, dzanja la kalaliki
lopendekera ngati mpunga wogwa ndi mwera.
Chala changa chinatsika mudzi ndi mudzi,
Kasamba, Chombo, Sasani,
chinaima.

Ndalema.

Ndinapukuta magalasi. Ndinapita nalo pa windo.
Chilembo chija sichinasinthe.

Ndalema, mwamuna, wamtengatenga.
Nyumba imodzi. Mbuzi palibe.
Mkazi: 1.

Sindikudziwa chimene chinachitika tsiku limenelo.
Koma ndikumuona munthu
atatula thumba la mpunga pakhonde la ofesi,
nkhata ikadali pamutu,
mapazi ali ming'alu yokhayokha ya njira ya ku Ntchisi,
kalaliki osadzutsa nkhope: Dzina?
Iye n'kungonena zomwe thupi linali kunena.
Dzina lomwe amake anamupatsa
linatsala panja, pamodzi ndi ndodo yake.

Pambuyo pake wina ku depoti,
wofulumira kapena wachifundo,
anatembenuza chilembo chimodzi,
kutopa kuja n'kusanduka chuma,
ife n'kumayenda nacho
m'matumba muli mbee.

Ndinafunsa za mkazi uja, 1.
A Chikakuda anangotambasula manja.
Chonsecho ndi iye mwini mbumba,
munda umene azakhali amalima chinangwa lero
unali wake,
mchombo wa agogo anaukwirira ndi iye.
M'mabuku atatu onsewa
waima yekha, kandodo kowongoka,
kopanda pakamwa.

Ndinajambula tsambalo ndi foni,
chithunzi chinatuluka chosaoneka bwino.
Ndinalipira kabaza mpaka kunyumba,
tsiku limenelo sindinafune kuyenda pansi.

Lolemba m'mawa ndinatsegula kaundula wa Sitandade 5.
Ana makumi asanu ndi anayi, fumbi, phokoso.
Kamtsikana katsopano kanaima pakhomo,
kabuku kamodzi m'jumbo ya shuga.
Dzina? ndinafunsa,
kenaka ndinaika cholembera pansi,
ndinadzutsa nkhope.
Nena kawiri, mwanawe. Usafulumire.
Undiuzenso la amayi ako.