Yomata ndi Yotsegula

Galimoto ya a Yelesani inabwera pamsana pa lole,
yofiira ngati dothi la ku Chilenje mvula itangokata,
Fodi yakalekale, injini ya masilinda asanu ndi atatu,
yomwe wina anaisiya m'shedi ine ndisanabadwe.

"Kumbuyo kukulira," anatero.
Ndinaimika jeke, ndinagwira tayala ndi manja awiri.
Linandiyankha: gwede, gwede.

Mawa lake ndinayenda Panganani yonse,
sitolo ndi sitolo, shafuti paphewa ngati mtolo wa nzimbe.
Mnyamata wa pakauntala, Lufeyo, anandiyalira ziwiri.
"Tengani yomatayi, asisi.
Girisi anaikamo kale kufakitale,
mukaikhoma mwakhoma, mwaiwala.
Inayi ndi ya madala, imafuna kuilera."

Yomata ndi yosalala, yaudongo,
timipira take tobisika kuseri kwa chivindikiro chakuda.
Fumbi la Okutobala sililowamo.
Sipempha kanthu.
Imazungulira ndi zomwe inabadwa nazo
mpaka tsiku lomwe zatha.

Yotsegula mumaiona mkati monse:
tizitsulo topendekeka, tonenepa uku, towonda uku,
tondandalikana ngati njere pachitsononkho.
Imadetsa manja.
Ukaimanga kwambiri imatentha,
ukailekerera imagwedera,
ndipo pakati pa ziwirizi pali kampata kochepa ngati tsitsi
komwe sipanala sikadziwa, koma chala.

Atate ndiwo anandiphunzitsa kampatako,
m'galaja yomweyi ya ku Kalingalinga,
denga lake likadali la malata asanu ndi limodzi.
Ankatapa girisi kuika pachikhatho changa,
nati, kanikiza, Tisauke, kanikizabe
mpaka atulukire mbali inayo.
Ankati mumsewu wowongoka beringi iliyonse ndi ngwazi,
funsa pokhota,
pamene kulemera konse kwa galimoto kwathamangira mbali imodzi,
ndani amasenza katundu wobwera cham'mbali.

Eni mawuwo anali omata.
Zaka zitatu chinthu chikuwadya m'mimba,
ovolosi yomangidwa mabatani mpaka pakhosi,
m'mawa uliwonse "ndili bwino, patse sikisitini."
Sanadonthe ngakhale dontho pansi pa galaja
loti tione, tifunse.
Phokoso tinalimva Lachiwiri.
Loweruka ku chipatala chachikulu anatiuza
kuti zoterezi satsegula, mwachedwa.

Lufeyo ankadikira, akuseweretsa foni.
Kunja minibasi inkaitanira a ku Matero.
Ndinalipira yotsegula,
ngakhale inadula ndi makwacha amene ndikanadyera masiku awiri.

A Yelesani sanakondwe.
"Ndiye kuti ndizibweranso kuno chaka ndi chaka?"
Ndinati inde, muzibwera.
Ndizichotsa, ndizitsuka m'parafini,
ndiziyang'ana kachitsulo kalikonse padzuwa
ngati kayamba zipsera.
Yomatayo si yoipa, ndinawauza zoona,
ambiri amayendera yomweyo ndipo amafika.
Koma galimoto yanuyi ili ndi mphamvu zoposa nzeru zake,
ndipo inu ndakuonani momwe mumalowera raundabauti ya Kafue.

Anaseka, dzino lagolide kung'anima.

Madzulo ndinakhoma kolala, ndinabweza shafuti m'nyumba mwake,
ndinamanga, ndinamasula pang'ono, ndinamanganso.
Ndinatseka maso kuti chala chimve bwino.
Apo.

Tinakaiyesa ku msewu wa Leopards Hill,
injini ikubangula mpaka agalu a m'mipanda kuyankha,
ine khutu langa lili kumbuyo,
kudutsa phokoso lonselo, kufunafuna kulira kuja.
Kunalibe.
Pokhota paja pa manda anaponda mafuta osandichenjeza,
thupi langa linakankhikira kuchitseko,
tayala linagwira.

Sindinawauze kuti atate agona pomwepo,
mzere wachinayi kuchokera kumpanda.
Ndinangoyang'ana zikhadabo zanga,
zakuda, girisi atalowa mpaka m'kati,
amene sopo wa mawa sadzamuchotsa yense.