Bowo la Kumpanda

Geti ndimatseka seveni koloko,
koma iwo sadzera pageti.
Amadikira kuseri, cha ku Nasolo,
pomwe njerwa zinagumuka ndi mvula ya Malichi.

Andiseni wa Fomu 2 ankakhoza masamu.
Pano pamkono pake pali zipsera zitatu za ndudu,
ndikamupatsa moni
amayamba wacheuka.
Akuti analumbira. Kwa yani, sanena.

Mayi ake ali pa makala mumsika wa Ndirande,
mtima uli m'malo: mwana ali m'kalasi.

Dzulo ndinagula simenti ndi ndalama yanga.
Ndinamuitana mnyamatayo andigwirire chingwe.
Tinamanga mpaka mdima,
ine osafunsa kanthu,
iye chingwe chikunjenjemera m'manja.

Pa njerwa yomaliza
anayamba yekha kutchula mayina.